Lekani Kuseka Munthu Amene Akuyesanso

M'komboni iliyonse muli khoti limene lilibe majisitileti. Limakhala pa benchi ya pa babashopu, kuseli kwa kantemba, pa siteshoni ya maminibasi, ndipo masiku ano latsegula nthambi pa Facebook na m'magulu a WhatsApp. Khoti limeneli siliweluza mbala. Siliweluza mwamuna amene amamenya mkazi wake usiku uliwonse. Nchito yake ni kuweluza munthu amene anayesa cinthu, cinamukanga, ndipo wanyamuka kuti ayesenso. Mlandu sutenga nthawi. "Uja ni wa GCE, caka cacitatu manje." "Uja anatsegula shopu, inagwa, ati afuna kutsegula ina." "Uja ali na mwana koma avala yunifomu." Cilango cake ni kuseka, ndipo apilo kulibe.

Ife tikuti khoti limeneli litsekedwe. Kulephela mayeso kumadya caka cimodzi ca moyo wa munthu. Manyazi amene anthu amamuveka pambuyo pake angadye zaka zonse zotsala.

Amene timagwila nchito yodzipeleka pa mawailesi a m'madela timakumana na nkhani imeneyi kawilikawili. Tikatsegula mafoni pa pulogilamu ya acinyamata, oimba foni ambili safunsa kumene angalembetse mayeso kapena kumene angaphunzile zowochelela. Zimenezo adziwa kale. Funso lawo limakhala lakuti, "Nanga anthu adzati ciani akaniona na mabuku pa msinkhu uno?" Ena amapempha kuti dzina lawo lisachulidwe pa wailesi, monga kuti akuulula mlandu wakupha. Mlandu wawo ni wakuti afuna kulembanso masamu.

Tiyeni tione mmene zinthu zilili. Kuti munthu alowe m'makoleji ambili na m'mayunivesite a m'dziko lino, afunika maphunzilo asanu amene anapambana na giledi ya pakati pa 1 na 6, kuphatikizapo Cizungu, ndipo m'makosi ambili masamu amafunikanso. Amene anapeza 7 kapena 9 pa phunzilo limodzi ali na njila imene bungwe la Examinations Council of Zambia linaika poyela: kulembetsa GCE na kulembanso phunzilo limene linamukanga. Njila imeneyi ni ya lamulo, yaulemu, ndipo anamwino, aphunzitsi na apolisi ambili amene timawapatsa ulemu lelo anapita mmenemo. Pa satifiketi ya ku koleji salembapo kuti munthuyu analemba masamu katatu. Wodwala akafika pa kiliniki safunsa namwino kuti Cizungu anapambana pa ulendo woyamba kapena waciwili. Amene amasunga kaundula wa zimenezi ni a pa benchi cabe.

N'cimodzimodzi na mtsikana amene wabala ali pa sukulu. Kuyambila mu 1997 dziko lino lili na lamulo lolola mtsikana wotelo kubwelela m'kalasi. Kuyambila mu 2022 maphunzilo m'masukulu a boma ni aulele mpaka giledi 12. Citseko cili cotsegula. Koma kuti mtsikana afike pa citseko cimeneco afunika kupita pa mpopi pamene azimayi amatunga madzi, pa kona pamene anyamata amakhala, na kulowa m'kalasi mmene anzake amuchula kuti "amake mwana". Ambili amaima pa mpopi pomwepo n'kubwelela kunyumba. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafela kuuna. Ni zoona, koma tifunsenso kuti ndani anakhala pakhomo pa una na ndodo ya mseko.

Cimene cimatipweteka kwambili ni cinyengo ca oweluza amenewa. Anthu omwewo amene amaseka mnyamata wa GCE ndiwo amavala jezi ya Chipolopolo na kulila misozi akakumbukila 2012. Kodi amaidziwa nkhani imene amalilila?

Usiku wa pa 27 April 1993, ndeke ya asilikali imene inanyamula timu yathu kupita ku Senegal inagwela m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewela mpila. Manda awo ali pafupi na Independence Stadium mu Lusaka. Dziko likanati mpila tauleka kwa zaka zingapo, palibe akanatiimba mlandu. Koma timu ina inasonkhanitsidwa m'milungu yocepa, Kalusha Bwalya ali patsogolo. Mu October caka comweco inafunika kulingana mphamvu cabe na Morocco kuti ipite ku World Cup, ndipo inagonja 1-0 ku Casablanca. Mu 1994 inafika m'fainolo ya cikho ca Africa ku Tunisia. Elijah Litana anamwetsa cigoli coyamba, koma Nigeria inabweza ziwili. Mu 1996 tinathela pa nambala 3. Pambuyo pake panabwela zaka zambili zouma, zaka zimene timu inali kubwelako msanga kapena kulephela ngakhale kupita. Amene anali na zaka zokwanila akumbukila mmene osewela anali kunyozedwela m'maminibasi nthawi imeneyo.

Cikho cinabwela pa 12 February 2012, mu Libreville mmenemo, patapita zaka pafupifupi 19. Ngakhale usiku umenewo sunali wosalala. Didier Drogba anaphonya penoti mpila uli mkati. Itafika nthawi ya mapenoti, Kennedy Mweene anagwila ya Kolo Touré, ndipo Rainford Kalaba anapatsidwa mpata wotsiliza nkhani. Anaphonya. Dziko lonse linagwila mutu. Gervinho nayenso anaphonya, ndiyeno Stoppila Sunzu anamwetsa, 8-7. Cikanakhala kuti khoti la pa benchi ndilo linali kusankha timu, Kalaba akanauzidwa kuti asakhudzenso mpila, ndipo timu yonse ikanathetsedwa kalekale cisanafike caka ca 2012. Munthu sangakondwele na cikho cimeneco m'mawa, madzulo n'kumaseka mnansi wake cifukwa cakuti walephela kawili. Asankhepo cimodzi.

Onaninso Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka, wobadwa mu 2000, amene anakula pa nthawi imene mtsikana wochaya mpila anali kuonedwa ngati wasocela. Pa maseŵela a Olympics ku Tokyo mu 2021, Copper Queens inagonja kwa Netherlands 10-3. Zigoli zitatu zathu zonse anamwetsa ni iye. Maseŵela otsatila, na China, anamwetsanso zitatu, ndipo anakhala mkazi woyamba kucita zimenezi kawili motsatizana pa Olympics. Mu 2022 analetsedwa kusewela m'cikho ca Africa ca akazi ku Morocco cifukwa ca malamulo oyeza thupi, ndipo thupi lake linasanduka nkhani ya pa benchi ya dziko lonse lapansi. Ambili a ife tikananyozedwa motelo sitikanatulukanso m'nyumba. Iye anabwelela. Mu 2023 anasewela World Cup, kumene tinagonja 5-0 kwa Japan na 5-0 kwa Spain tisanapambane Costa Rica 3-1. Mu 2024 anapita ku Orlando Pride ku America, anamwetsa cigoli cimene cinapatsa timu yake cikho, ndipo anasankhidwa kukhala wosewela wamkazi wopambana mu Africa. Atalandila mphoto ya BBC caka comweco, manyozo anayambanso. Izi zitiphunzitsa kuti onyoza saleka ngakhale munthu apambane. Amene adikila kuti pakamwa pa anthu patsekeke coyamba adzadikila mpaka imvi.

Ngakhale ku ndale, kumene sitigwilizana tonse, nkhani ni imodzimodzi. A Michael Sata analephela masankho mu 2001, 2006 na 2008, ndipo anapambana mu 2011. A Hakainde Hichilema analephela kasanu, mu 2006, 2008, 2011, 2015 na 2016, anakhala m'ndende miyezi inayi mu 2017, ndipo anapambana mu 2021. Kaya mumakonda uyu kapena uja, kaya simukonda aliyense, mfundo siisintha. Dziko lino lalamulilidwa na anthu amene anabweleza mayeso kangapo pamaso pa anthu onse. Tinawaimbila nyimbo na kuwachula kuti olimba mtima. Nanga n'cifukwa ciani mwana wa mayi wogulitsa tomato ku Soweto akabweleza kawili timamucha cipuba?

Tidziwa zimene ena adzayankha, ndipo mayankho awo si opanda nzelu. Tiyeni tiwamve.

Loyamba ni lakuti anthu amene tachulawa ni ocepa, ndipo ali na mphatso imene ambili tilibe. Pa Barbra mmodzi pali atsikana ambilimbili amene anathamanga m'fumbi la ku Chawama na ku Mtendere ndipo palibe anamva maina awo. Izi ni zoona, ndipo aliyense amene akuuzani kuti kulimbikila kumabala cipambano nthawi zonse akukunamizani kapena ali na buku limene afuna kukugulitsani. Khama si lisiti imene mungapite nayo kwa Mulungu kukatenga katundu. Koma onani mbali inayo. Amene walembanso masamu angapambane kapena angalephele. Amene sanalembe zotsatila zake tizidziwa kale. Ndiponso cipambano cimene tikukamba pano si ca pa TV cabe. Wowochelela wa ku Kalingalinga amene mageti ake oyamba anali okhota, manje ali na anyamata atatu amene amalandila malipilo kwa iye. Mayi wa salaula amene belo yake yoyamba inatuluka nsanza zokhazokha, anaphunzila kusankha belo, ndipo ana ake amadya. Kanthu n'khama, phwiti anakwatila njiwa. Anthu otelo alipo m'mseu uliwonse, koma cifukwa sanakwele ndeke sitiwaŵelengela.

Yankho laciwili ni lolemela kwambili. Amati m'dziko lino wako ni wako. Ungakhale na mapepala abwino, koma ngati ulibe amalume mu ofesi, kalata yako idzagona pansi pa mulu. Tinaona aphunzitsi amene anatsiliza koleji akukhala zaka zambili pa nyumba, ena akugulitsa m'mabuthi a mobile money, boma lisanalembe aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, ndipo ngakhale pamenepo ambili anatsala. Amene akamba zimenezi sanama. Ndipo tionjezepo: mau akuti "limbikila" amagwilitsidwa nchito molakwika na anthu okhuta pofuna kutseka pakamwa anthu anjala. Bwana amene salipila anchito ake miyezi itatu amakonda kwambili ulaliki wa kupilila. Mtsikana amene akumenyedwa m'nyumba amauzidwa kuti ukwati ni shipikisha. Kupilila kwa mtundu umenewu sitikufuna, ndipo sindiko tikulalikila. Kukhala cete pamene ukudyeledwa masuku pamutu kumangonenepetsa amene akukudyela.

Koma onani kumene mau akuti wako ni wako amatifikitsa tikawameza onse. Amatikhazika pa benchi. Ndipo amene amapindula tikakhala pa benchi ni omwewo amene tikudandaula nawo. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ya ndalama zimenezo ni ya mabasale a maphunzilo a nchito zamanja na thandizo la magulu a acinyamata na azimayi. Mafomu amapita kupyolela m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Kodi zonse zimayenda mwacilungamo? Madandaulo timawamva. Koma ngati acinyamata a m'komboni agwilizana kuti "n'zokonzekela kale, osataya nthawi", ndiye kuti mndandanda udzadzala na abululu a anthu ocepa popanda wowafunsa. Wolimbikila weniweni amapeleka fomu, akakanidwa amafunsa cifukwa, amapita ku msonkhano wa wadi, amaimba foni pa wailesi pamene khansala ali mu situdiyo, ndipo caka cotsatila amapelekanso. Munthu wotelo amavutitsa akatangale kuposa anthu 100 odandaula pa kona. Conco kulimbikila na kufunsa boma mafunso ovuta zimayendela pamodzi. Amene amaleka kuyesa amalekanso kufunsa.

Manje tifike pa cinthu cimene catibela dzina la kulimbikila. Pali mnyamata amene amadzuka m'mawa uliwonse, amatsegula foni, amaika K20 pa tikiti ya mpila, imaluza, mawa amaikanso. Pali wina amene amayang'ana kandeke kakukwela pa foni mpaka usiku, na wina amene amathela ndalama ya ndiwo pa bonanza. Mukawafunsa amati, "Osataya mtima, tsiku lina idzalowa." Ndipo cocititsa cidwi n'cakuti khoti la pa benchi silimuseka munthu ameneyu. Limamuthandiza kusankha matimu.

Tiyeni ticite masamu ocepa, popeza masamu ndiwo tikuthawa. Tinene kuti pa maseŵela alionse mpata wakuti mulotele bwino ni umodzi pa iwili, monga kuponya khobili m'mwamba. Mukaika maseŵela awili pa tikiti imodzi, mpata umakhala umodzi pa 4. Maseŵela atatu, umodzi pa 8. Mukafika pa maseŵela 10, mpata ni umodzi pa 1,024. Ndipo mpila si khobili, uli na zotulukapo zitatu: kupambana, kugonja, na kulingana mphamvu. Pamwamba pa izi, kampani imaika mitengo yake mwa njila yakuti pa ndalama zonse zimene anthu aika, gawo lina litsale kwa iyo. Ndiye cifukwa cake ili na ndalama zolipilila zikwangwani zazikulu m'misewu. Tikiti ya lelo siidziwa kuti dzulo munaluza. Mukaluza ka 50, ulendo wa 51 mumayamba pamalo omwewo pamene munayambila tsiku loyamba, kungoti thumba lapepuka.

Apa ndiye pali kusiyana konse. Wolembanso mayeso amafika pa ulendo waciwili ali na zimene anaphunzila pa ulendo woyamba. Wowochelela amene waononga geti adziwa manje kuti citsulo cimakoka cikatentha. Kulephela kwawo kumasiya kanthu m'manja. Kubecha sikusiya kanthu. K20 ya tsiku lililonse ni K600 pa mwezi, ndipo pa caka ipitilila K7,000. Ndalama yotelo ingalipile GCE, ingagule makina ometela tsitsi, ingakhale poyambila pa cilimba. Munthu amene ali na mtima wobweleza cinthu tsiku lililonse kwa caka cathunthu ali nalo kale khama limene tikukamba. Wangolipeleka kwa eni ake a kandeke.

M'gulu lomweli tiikemo makampani a "ika K500, utenge K2,000 pa mapeto a mwezi", amene Bank of Zambia yakhala ikucenjeza anthu za iwo mobwelezabweleza. Oyamba amalipidwa na ndalama za obwela pambuyo, ndipo obwela akatha, ofesi imapezeka yokhoma. Tiikemonso likeji ya mayeso. Mu 2018 boma linafika poimitsa mayeso a dziko lonse cifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana amene anaŵelenga moona mtima anavutikila pamodzi na akuba. Zonsezi zimamela pa muzu umodzi: kufuna kufika popanda kuyenda, na kuopa kuonedwa uli pa njila. Lelo lomwe linadetsa mnthengu. Ndipo amene amakankhila acinyamata ku njila zacidule zimenezi ni oseka aja, cifukwa m'komboni yathu kugwidwa ukuyesa kumacititsa manyazi kuposa kugwidwa ukubela.

Tsono kulimbikila kwanzelu kumaoneka bwanji? Coyamba, sikubweleza cinthu cimodzimodzi mwa njila imodzimodzi. Ngati masamu anakukangani kawili mukuŵelenga nokha usiku, ulendo wacitatu pezani mapepala a mayeso a zaka zapita, khalani na anzanu awili kapena atatu, ndipo pitani kwa munthu amene adziwa kuti akuonetseni pamene mumasocela. Lembani phunzilo limodzi kapena awili, osati asanu pa nthawi imodzi pamene mukugwilanso nchito. Ngati shopu inagwa, khalani pansi na kabuku mupeze cimene cinaigwetsa. Kawilikawili si mfiti. Ni nkhongole za abululu zimene sizinabwezedwe, ni kudya mpamba pamodzi na phindu, ni kugulitsa cinthu cimene anthu asanu akugulitsa kale mu mseu womwewo. Amene sanapeze cimene cinamugwetsa adzagwela pa mwala womwewo.

Caciwili, kulimbikila kumalola kusintha njila. Barbra Banda anali wankhonya asanasankhe kuika mtima wake wonse pa mpila, ndipo palibe amene anganene kuti anathawa nkhondo. Ngati udokotala wakana, pali unamwino, pali za mankhwala, pali za labu. Ngati yunivesite yakana, masukulu a nchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA amaphunzitsa zamagetsi, zamipopi, zomanga, zokonza magalimoto na zosoka. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, tinaona ometa tsitsi akugula makina a batile, owochelela akudzuka pakati pa usiku kuti agwile nchito pa maola ocepa amene magetsi abwela, na acinyamata ena akuphunzila kuika masola. Ena anatseka ndithu, ndipo sitiwaimba mlandu, cifukwa nthawi inali yowawa. Koma amene anapulumuka anasintha kacitidwe, colinga n'kukhala comweco: kudyetsa banja na manja awo.

Cacitatu, kulimbikila kumafuna anthu. Mutu umodzi susenza denga. Timu ya 1993 siinadzuke yokha, dziko lonse linaiimilila kumbuyo. Sankhani bwino amene mumauza maloto anu. Pali kusiyana pakati pa munthu amene akuti "mtengo wako wakwela, makasitomala adzathawa" na amene akuti "iwe sungakwanitse, kwanu kulibe anacitapo". Woyamba akukupatsani cinthu cimene mungakonze, mumvetseleni ngakhale mau ake awawe. Waciwili akukamba za mantha ake, ndipo palibe cimene mungagule na mau ake.

Kwa makolo na otilela tili na pempho. Tidziwa kuti ndalama ya mayeso imacoka pa ndalama ya unga, ndipo mwana akalephela mtima umawawa. Koma mau amene mumakamba tsiku limene zotsatila zatuluka amakhala m'mutu mwa mwana zaka zambili. "Unanitayila ndalama" na "onako mwana wa a neba" sizinapambanitsepo munthu masamu. Mufunseni cimene cinavuta, mupatseni nthawi yoŵelenga, ndipo ngati ni mtsikana amene wabala, mugwilileni mwana kuti apite ku sukulu. Dzedzele-dzedzele salingana n'kugwelatu. Mwana amene akudzandila afunika dzanja, ndipo nthawi zambili amene amamalizitsa kumugwetsa ni a m'nyumba mwake.

Kwa inu a pa benchi, funso lathu ni limodzi. Pa zaka zonse zimene mwakhala mukuŵelenga kugwa kwa anzanu, inu mwamanga ciani? Munthu amene sanalephelepo kanthu kawilikawili ni amene sanayambepo kanthu. Tidziwanso kuti ena mwa inu mumaseka cifukwa muli na phunzilo lanu limene linakukangani, na maloto anu amene munakwilila, ndipo kuona mnzanu akuyesanso kumakukumbutsani manda amenewo. Ngati ni conco, malo alipo. Pa malo olembetsela GCE safunsa zaka zimene munakhala pa benchi.

Ndipo kwa iwe amene wabisa mabuku m'cikwama ca zovala kuti anthu asaone, amene ukuyenda njila yozungulila kuti usapite pa mpopi: anthu amenewo sadzakulipilila lendi, sadzagulila mwana wako mankhwala, ndipo ukadzapambana ndiwo adzayamba kukamba kuti "tinali kudziwa". Kuseka kwawo kumatha pa mlungu umodzi, akapeza wina womuseka. Pita ukafunse tsiku lotsekela kulembetsa, uŵelenge ndalama imene ifunika, uyambe kusunga lelo. Mabuku uwanyamule m'manja, upite pa mseu waukulu, ndipo ukafika pa benchi uwapatse moni.